Ndinaigwira Kumchira

Dzulo kukiliniki ku Zemba ndinaona anesi akuyendetsa mausi patebulo, ndipo ndinakumbuka tsiku limene kompyuta inafika kusukulu kwathu, ikununkhabe pulasitiki watsopano.

Aphunzitsi anati, "Iyi ndi mausi, kwathu kuno timati mbewa. Iwe katswiri wokumba mbewa, bwera uigwire."

Ndinaigwira ngati kumunda, kumchira, n'kuinyamula ili lendelende. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anakuwa, "Ukaiwambe, tipeze ndiwo!"

Ine mtima wanga ndi wapachala, moti ndinakunga chibakera, ngakhale aphunzitsi anali atandichenjeza kuti ndikamenyanso munthu andichotsa sukulu. Aphunzitsi anagwira chibakeracho, nachifumbatula chala chimodzichimodzi, n'kuika dzanja langa pamsana pa mbewayo.

"Kankha pang'ono, mwanawe."

Kamuvi kanayenda pagalasi la kompyuta kutsata dzanja langa.