Ndinachotsa Anzanga pa Mpopi

Ndine ndinayambitsa mphekesera yoti madzi a pa mpopi wathu akuthiridwa chiphe, ndipo mwana wa mnzanga anamwalira chifukwa cha pakamwa panga. Inu owerenga, mundimvetsere bwino, mwina wina angapewe zomwe ndinachita ine.

Anali masiku a Chitaganya, azungu akulamulirabe. Ine ndi amuna anga tinali titangochoka ku Katete n'kudzakhala ku Chongwe, pafupi ndi masitolo a m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Tonse tinkatunga pa mpopi umodzi wochokera m'thanki yaikulu yachitsulo. Woyang'anira thankiyo anali ba Chanda, bambo wa kumpoto, wosalankhulalankhula, amenenso Chinyanja chinkawavuta.

Nthawi imeneyo chilichonse chochokera kwa azungu tinkachikayikira. Zinkamveka kuti m'shuga akuikamo mankhwala oti anthu akuda tisamabereke. Ine ndinali nditatha zaka zinayi pabanja popanda mwana, choncho nkhani zotere zinkandilowa msanga.

Tsiku lina ndinalawirira kukatunga, ndipo ndinapeza ba Chanda ali pamwamba pa thanki akuthiramo ufa woyera. Atandiona anatseka chitini chawo mofulumira. Madzi a tsikulo ankanunkha ngati kuchipatala. Sindinawafunse kanthu. Ndinathamangira kwa Amake Lute, mnansi wanga wa ku Petauke, yemwe mwana wake Lute anali atangoyamba kuyenda.

"Amake Lute, naona na maso yanga," ndinatero. "Ngati mufuna kubalanso, osamwa manzi ya pa mpopi."

Mawa lake nkhani inali itafika mpaka ku Chalimbana. Ba Chanda anayesa kufotokoza kuti ufawo ndi wopha tizilombo, n'kumwa kapu yodzaza ife tikuona. Ine ndinauza anzanga kuti munthu wotero amakhala atamweratu mankhwala odzitetezera. Ngakhale kufatsa kwawo ndinkati ndi umboni.

Tinayamba kutunga kumtsinje, kumunsi kwa pomwe ng'ombe zinkamwera. Mvula yoyamba itagwa madzi anafiira, koma tinkangowasiya m'mitsuko kuti adikhe, osawiritsa. Posakhalitsa ana anayamba kutsekula m'mimba. Lute anadwala masiku atatu, maso n'kulowa m'kati, ndipo anatsirizikira pa lole akupita naye kuchipatala ku Lusaka.

Pa maliro ndinayamba kuwerenga mumtima makomo omwe anali ndi odwala. Onse anali a ife otunga kumtsinje. Mabanja ochepa omwe anakana kundimvera, ana awo ankasewera panja ali bwinobwino. Kumanda ndinaona ba Chanda ali m'dzenje ndi fosholo, akukumba pamodzi ndi amuna omwe ankawatukwana dzana.

Patapita mlungu ndinalimba mtima kukapepesa kwa Amake Lute. 

"Munafuna kutithandiza, mulamu," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Sanandikalipire, koma sanabwerenso pakhomo panga mpaka anasamuka. Kwa ba Chanda sindinapiteko. Ndinkati ndipita mawa, mpaka ndinangomva kuti awatumiza kwina.

Inu owerenga, kukayikira madzi omwe mukumwa si kulakwa. Akanunkha kapena akasintha mtundu, funsani woyang'anira, ndipo akalephera kukuyankhani kafunseni a zaumoyo. Podikira yankho, wiritsani. Koma musauze mayi wa mwana wamng'ono kuti asiye madzi ena musanadziwe kuti kumene akatunge kuli zotani. Ine ndinali ndi pakamwa pofunsira m'mawa umenewo, ba Chanda ali pomwepo, ndipo sindinafunse.