Tsiku Limene a Fanuel Anatsala Pang'ono Kupha Sadiki

Bambo Fanuel a ku Dedza, okhala m'mudzi wa Lefaragatlha ku Joni, anakalambira mumgodi wa pulatinamu, ndipo anatulukamo ndi chifuwa, mkazi wa Chitswana ndi luso lopeka nkhani. Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi ankadzaza pakhonde pawo kudzamva za Sadiki, munthu wopeka amene ankapulumuka ngozi iliyonse. M'nkhanizo akapitawo ankakalipa m'Chifanakalo, chilankhulo cha mumgodi, akazi ankanyogodola m'Chitswana, ndipo Chichewa chinali chopempherera ndi kupepesera basi.

Mu 1978 kunabwera Elias, mwana wa mlongo wawo, atangoyamba kumene ntchito ya mumgodi.

"Amalume, amayi anati ndidzakuoneni ngati mukadali munthu wakwathu kapena munasanduka mtchona weniweni," anatero mnyamatayo.

Mawuwo anawalasa a Fanuel. Mlongo wawo akamve kuti lilime la ku Dedza linathera m'Joni? Anatsimikiza mumtima kuti nkhani ya tsikulo ikhala ya Chichewa chokhachokha.

Poyamba zinayenda. Sadiki analowa pansi, denga la mgodi n'kuyamba kung'aluka. Apa kapitawo amayenera kukuwa, koma a Fanuel anali asanakuwirepo munthu m'Chichewa chibadwire. Anafufuza m'mutu, n'kupezamo ulemu wokhawokha.

"Ndiye kapitawo anati, ‘Pepanitu a Sadiki, ngati sindikukusokonezani, mwina tikadasendera uko pang'ono.’"

"Mwalawo ukudikira kuti amalize?" anafunsa Alfredo wa ku Tete, mnansi wawo.

"A Sadiki anati, ‘Zikomo, koma tsogolani ndinu akuluakulu.’"

"Wafa ameneyo, achimwene," anatero Alfredo. "Tiuzeni za maliro."

A Fanuel anatuluka thukuta. Anayang'ana Elias, anaganiza za Sadiki amene anakhala akumupulumutsa chaka ndi chaka. Kumupha chifukwa cha ulemu? Anadzuka, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo.

"Baleka wena!"

M'Chifanakalo, kunena kuti thawa iwe. Elias, amene mawu amenewa anali atawaphunzira kale pansi pa mgodi, sanafunse. Anagubuduza tiyi, nalumpha mpanda, nakagwera m'khola la nkhuku la Alfredo.

Anabwerako akuthothola nthenga m'tsitsi, anthu ali gadaa ndi phwete.

"Tsono ukawauza chiyani amayi ako?" anafunsa a Fanuel.

"Ndikati Chichewa chanu chili bwinobwino, amalume. Inunso za nkhukuzi zisafike ku Dedza."