Wolawa tiyi wa agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, anabwera kudzakhala nafe ku Soche. Anali atadwala shuga kwa zaka zambiri, ndipo adokotala anauza mayi kuti ubongo wawo wayamba kufota. Ine sindinatolepo kanthu. Ndinkangoona munthu amene anali kalaliki wa njanji ku Limbe akusochera m'nyumba ya zipinda zitatu.

M'mawa uliwonse mayi ankawabaya jakisoni n'kuthamangira minibasi. Ine anandisiyira lamulo limodzi: agogo adye msanga, apo ayi shuga atsika ndipo akomoka.

Tsiku lina agogo anakana kudya. Tiyi ali patebulo, mbatata ikuzizira, iwo manja ali pamiyendo.

"Ndikudikira aNachisale," anatero.

ANachisale anali akazi awo, ndipo panali patatha zaka zitatu titawaika m'manda. Koma ine pakamwa panga sipankachedwa, komanso ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo.

"Agogo, amenewo anamwalira kalekale."

Mayo ine! Anandiyang'ana. "Liti? Bwanji simunandiuze?" Analira ngati uthenga wangofika kumene, uku akufufuza jekete yoti avale kumaliro. Posakhalitsa thukuta linali kamukamu, miyendo yalefuka. Ndinaimbira mayi foni ndikulira, iwo n'kubwerera panjira kudzawamwetsa madzi a shuga.

Ndinkayembekezera mbama, koma mayi anangondikhazika pakhonde.

"Agogo ako aakazi ankayamba alawa tiyi wa bambo, kuona ngati sanathiremo shuga mwakabisira. Chiyambire matendawa mpaka agogo akowo kumwalira, bambo sanamwepo tiyi wosalawidwa."

M'mawa mwake agogo anafunsanso za aNachisale. Ndinanyamula kapu yawo, n'kupsontha pang'ono, n'kukwinya nkhope ngati munthu wokayikira.

"Mulibe shuga. Imwani."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Apolisi inu, simutopa?" Tiyi yense anatha, mbatatanso osatsala.

Ndinalawa tiyi wowawa uja kwa zaka ziwiri, mpaka agogo anatisiya. Dzina langa anali ataliiwala, ndipo sindibisa, zinkandipweteka. Pano, ndili mayi wa ana anga, ndi pamene ndazindikira kuti sankafunsa kumene akazi awo apita. Ankafuna kudziwa ngati padakali munthu amene akusamala zoti iwo akhale ndi moyo.