Dzenje la Dona

Mono wa amalume unali utatha ntchito. Nsungwi zake zinali zitathyoka m'mbali, ndipo ngakhale unakhala padzuwa miyezi yambiri, unkanunkhabe milamba. Amalume anautaya kuseri kwa khitchini yathu. Ine ndinautola, ndinasoka mabowo ndi luzi, ndinaikamo timitengo ta masamba, n'kuupachika pa nthambi ya tsanya. Mmenemo ndimo munkakhala Dona.

Dona anali bilimankhwe wamkazi. Ndinamutola pamsewu wa ku Jumbe ali wamng'ono ngati chala changa, akuwoloka mwaulemu wake uja pamene njinga zinkadutsa. Dzinalo ndinamupatsa chifukwa ankayenda ngati azimayi achizungu a ku makampu a alendo oona nyama a ku Nkwali, mwendo m'mwamba, kuganiza kaye, kenako n'kuponda. Pa kampu ya asikauti olondera nyama zakutchire pomwe tinkakhala panalibe wina amene ankamufuna. Amuna omwe ankathamangitsa njovu m'minda ankalambalala mtengo wanga. Anzanga ankati ndine mtsikana wopanda mutu, ndipo mwina sankanama. Ndinkadzuka m'mamawa kukagwira ziwala zikadali zouma ndi mame, n'kumawaza madzi pamasamba chifukwa Dona sankamwa za m'mbale.

Dzinja lina mvula inachita kunyanya. Mitsinje inadzaza, msewu unaduka, ndipo atate, amene anali sikauti, anapita kutchire kukalondera nyama n'kukhalitsa kuposa mmene ananenera. Amayi anali ndi pakati. Chaka chapitacho analinso ndi pakati, anapita kuchipatala, n'kubwerako manja ali m'chitenje. Ine anangondiuza kuti mwana wabwerera, ndipo palibe analira mokweza. Tsopano mimba yatsopanoyi inawalanda mtendere. Ankasesa pabwalo posesedwa kale. Ankayamba kusankha mpunga, n'kuusiya, n'kukaima pamsewu kuyang'ana kumene atate analowera. Nyumba yonse inkanunkha chinyontho, ndipo udzudzu unkayamba kulira dzuwa lisanalowe.

Mvula itayamba kuchepa, Dona nayenso anasokonekera. Anasiya kudya. Chiwala chinkamuyenda pamphuno iye osachiyang'ana n'komwe. Mimba yake inatupa, ndipo pakhungu pankaoneka timabuthu ngati nyemba m'kathumba. Anatsika pa timitengo take n'kumazungulira pansi pa mono, kukanda nsungwi, kukwera, kutsikanso, tsiku lonse.

Ndinakafunsa aphunzitsi titaweruka. Anaseka kaye, kenako anati ndi mazira. Anati wamkazi akakula amatha kukhala ndi mazira ngakhale sanakumane ndi wamwamuna, monga nkhuku, ndipo amafuna dothi lofewa loti akumbe n'kuwakwirira. “Ukamusunga m'mwamba momwemo adzafa nawo m'mimba,” anatero. “Ndipo akamakumba usamusokoneze, amasiya.”

Ndinathamanga mpaka kunyumba, ndinatsitsa mono n'kuutsegula. Dothi lathu ndi la makande, likanyowa limamata, likauma ndi mwala. Dona anayesa apa, anayesa apo, n'kusiya. Malo ofewa anali amodzi okha, pomwe madzi a padenga ankagwera n'kusiya mchenga, pansi penipeni pa windo la chipinda cha amayi. Anayamba kukumba pamenepo, mutu pansi, timanja tikutaya dothi pang'onopang'ono.

Anamuona ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Anaponya ndowa pansi n'kufuula kuti malodza. Kwathu aliyense ankadziwa kuti bilimankhwe akakumba pakhomo ndiye kuti akukumba manda a munthu wa m'nyumbamo. Amayi anatuluka, anayang'ana dzenjelo, anayang'ana windo lawo. Anakankha Dona ndi tsache, anakwirira dzenje ndi phazi n'kupondaponda mpaka thukuta linatuluka.

Ndiye inayamba nkhondo yathu. Ine ndikamasula Dona, iye ankabwerera pa windo pomwepo. Amayi akapeza dzenje, ankakwirira. Ndinamutengera kumtsinje, koma ana a pakampu ananditsatira ndi miyala. Ndinamuikira mchenga m'beseni, iye anakanda kawiri, anagunda pansi pa beseni n'kutuluka. Kusukulu sindinkamva chilichonse. Ndinkangoona dzenje likutsegulidwa ndi kutsekedwa, ndipo belu likalira ndinkathamanga osadikira anzanga. Lero ndikakumbukira ndimaona kuti pakhomo pathu panali aakazi atatu osakhazikika, ndipo aliyense ankayesa kuti vuto ndi mnzake.

Amalume atabwera ndi nsomba anamva nkhaniyo. “Mlongo wanga, ukuvutikiranji?” anauza amayi. “Fodya wa m'mphuno pang'ono m'kamwa mwake, basi yatha.” Anatulutsadi kabotolo kawo. Ndinawalumpha, ndinagwira Dona n'kumuika m'diresi, ndipo ndinawauza mawu amene mwana sauza amalume ake. Anandilonjeza mkwapulo, koma anachoka osandigwira, poti nawonso ankaopa chimene chinali m'diresimo.

Dona anali atatha. Mtundu wake wobiriwira uja unasanduka wa phulusa. Maso analowa m'kati ndipo ankawatseka masana. Ndikamuika pa kamtengo ankagwira ndi dzanja limodzi n'kulendewera, mimba ikumukokera pansi. Ndinkadana nawo amayi masiku amenewo, ndinene zoona. Ndinkawaona ngati munthu wankhanza amene akuzunza kanyama chifukwa cha nkhani za azimayi a pachitsime.

Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pamphasa, miyendo yotupa atatambasula. Ndinaika Dona patsogolo pawo ndikulira.

“Amama, onani! Ali ndi mimba ngati inu. Afuna chabe kutulutsa. Mukatsekanso afa nazo m'kati.”

Ndinayembekezera khofi. Amayi anangoyang'ana. Dona ankapuma movutika, nthiti zikukwera ndi kutsika, ndipo amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, dzanja lawo lili pamimba pawo. Kenako anadzuka movutikira, anatenga khasu, n'kupita pansi pa windo lawo. Anatipula dothi lomwe analipondaponda okha, analiphwanya ndi zala mpaka linafewa. Anabwerera nati, “Kamuike. Ine sindimugwira.”

Tinakhala patali, kuseri kwa nkhokwe, kuti asatione. Dona anakumba masana onse. Ankalowa, ankatuluka chafutambuyo ndi dothi, ankapuma, n'kulowanso, mpaka mchira wokha ndiwo unkaoneka. Mayi woyandikana nafe uja anadutsa, anaona, anagwira pakamwa n'kukokera ana ake m'nyumba. Ine ndinkafuna kupita pafupi kuti ndione mazira, koma amayi anandigwira paphewa. Dzanja lawo linali lozizira ndipo linkanjenjemera. Milomo yawo inkayenda ngati mmene ankachitira kutchalitchi.

Dzuwa litapendeka Dona anatuluka atafwapa ngati chikwa chopanda kanthu. Anakankhira dothi m'dzenje, analisalaza ndi mimba yake, n'kuyamba kukwera tsanya mwapang'onopang'ono. Ndinamuwazira madzi pamasamba, anamwa, ndipo m'mawa mwake anadya chiwala. Sindinamubwezerenso m'mono. Anakhala mumtengomo masiku angapo, kenako sindinamuonenso.

Atate anabwera ataonda, nsapato zili pakhosi. Mlongo wanga anabadwa nyengo yozizira, akulira ngati wakwiyira dziko lonse, ndipo lero ali ndi ana akeake. Mazira aja sanaswe. Ndinadikira mpaka mvula ina, ndinakumba, ndinapeza timakoko tofota. Aphunzitsi ananena zoona, munalibe kanthu.

Amayi sanasiye kukhulupirira za malodza mpaka imfa yawo. Atakalamba ankalambalalabe bilimankhwe panjira n'kulavula. Masana aja iwo ankadziwa mumtima mwawo kuti dzenjelo linali manda, ankadziwanso mwini wake, ndipo dothi lake anatipula okha n'kukhala pansi kuonerera likukumbidwa mpaka kumapeto. Ine ndinali pambali pawo, wokwiya kuti andiletsa kuona mazira. Nditamva dzanja lawo likunjenjemera paphewa langa, ndinawafunsa ngati malungo awayambanso.