Kansalu Konyowa pa Kompyuta ya Bambo

Lero ndikumanga fani m'kompyuta ya kasitomala, fungo la fumbi lotentha landibwezera ku Ndirande, m'kashopu ka malata momwe bambo ankatayipira anthu makalata.

Inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, ndipo kompyuta yawo inkangozima yokha. Tsiku lina anati, "Chisomo, ndikukagula fani kumsika. Usakhudze kanthu, wamva?"

Atangotuluka ndinaigwira. Inkatentha ngati mlongo wanga Yamikani akadwala malungo, ndipo ndinkadziwa zomwe amayi ankachita zikatero. Ndinaviika kansalu m'ndowa n'kuifunditsa pamwamba ndi m'mbali, kutseka timabowo tonse. Madzi anadonthera m'kati. Kompyuta inangoti zii.

Ndinabisa kansaluko m'diresi. Kompyutayo ndi imene inkatidyetsa pakhomo.

Bambo atabwera anamasula chivundikiro n'kuima kaye. Anapisa chala m'kati, chinatuluka chonyowa. Kenako anayang'ana diresi langa, lonyowa pamimba.

"Inatentha thupi eti?"

"Ee, bambo," ndinayankha, misozi ili lengelenge.

Sanandimenye. Anaiyanika pakhomo masiku awiri, makasitomala akungobwerera ndi mapepala awo. Tsiku lachitatu anamanga fani ija kumbuyo ndi masikuluwu anayi, n'kulumikiza kawaya kake.

"Bwera, dina batani ndiwe."

Ndinadina nditatsinzina. Kunali zii pang'ono, kenako ndinamva fani ikuzungulira, mpweya wotentha ukutulukira kumbuyo.

Zaka zonsezi ndinkayesa kundidinitsa batani kuja chinali chilango. Pano ndi pomwe ndimamvetsa kuti bambo ankaopa kudina batanilo kuposa ine.