Pamzere wa ku Banki ndi Atate

Mphekesera ija inandipeza m'minibasi, ndikuchokera ku ntchito ku Lusaka. Uthenga wa pa foni unkati banki ina yatsala pang'ono kugwa, aliyense akachotse zake. Sunatchule kuti ndi banki iti, choncho aliyense ankaganiza kuti ndi yake. Pofika ku Kafue, ngakhale kondakitala anali atayamba kulangiza anthu.

Atate ndinawapeza pakhonde kwathu ku Estates, wailesi ili pamiyendo koma yosatsegula. Iwo anagwira ntchito pa fakitale ya feteleza mpaka imvi zinabwera, ndipo zonse zimene anapatsidwa popuma zinali mu akaunti imodzi.

"Mailo uniperekeze ku banki," anatero. "Amai bako usabauze."

M'mawa mwake sindinapite ku ntchito. Tinapeza mzere utapitirira kale mashopu mpaka kukhota. Munali amayi a pamsika, aphunzitsi, ndi asodzi ochokera kumtsinje. Mayi wina patsogolo pathu ankapempherera bankiyo chapansipansi. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, koma atate anavala jekete ndi tayi ngati akupita ku ukwati. Thukuta linkatsikira m'kolala, iwo osalipukuta.

Nditawapempha kuti akakhale pamthunzi ine ndiwasungire malo, anakana. Patapita nthawi anayamba kulankhula, maso ali kumsana kwa mayi wopemphera uja.

"Unali ukali mung'ono pamene inagwa ija yoyamba."

Nkhaniyo ndinkaidziwa pang'ono chabe, kuti kale banki ina inatsekedwa anthu n'kutaya zawo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndalamazo zinali za amai. Iwo ankagulitsa nsomba zouma pamsika, phindu n'kumalisunga m'kachitini kuchipinda. Atate ndi amene anawanyengerera kuti kachitini si malo, mbava zilipo, moto ulipo. Amai anavomera. Kenako tsiku lina atate anapeza chitseko cha banki chili ndi unyolo.

"Ninabwela kunyumba, nabauza. Banangokamba ati, nkhalani mudye. Kufika lelo sibanakambepo futi," anatero atate. "Sinifuna kubauza kachibili."

Ndinangowagwira mkono wa jekete.

Dzuwa litafika pamutu, ndinaona amai akudutsa pakati pa maminibasi, ambulera m'manja, botolo la chakumwa cha munkoyo lili kukhwapa. Anayenda mosafulumira, akuyang'ana nkhope imodziimodzi mpaka anatipeza.

"Nindani akuuzani?" anafunsa atate.

"Mu Kafue muli chobisika? Mwasiya mankhwala yanu pa tebulo."

Anamasula mfundo ya chitenge, n'kuwapatsa mapilitsi, n'kudikira mpaka atameza. Kenako anatsegula ambulera. Amai ndi aafupi, ndiye anachita kuimika mkono kuti mthunzi ufike pamutu pa atate. Atate anawalanda ambulerayo mwakachetechete, n'kuipendeketsera kwa amai.

"Nanga zikayenda futi?" anafunsa atate motsitsa mawu.

"Tizadya nshima na chibwabwa monga kale. Kodi tinafa?"

Titalowa, mtsikana wa pakauntala anali wotopa kwambiri, koma analankhula nafe mwaulemu. Anati banki ikugwira ntchito monga masiku onse, ndipo ngati atate akufuna kuchotsa, ndi ufulu wawo. Atate anagwira cholembera, n'kuchisiya, n'kutembenukira kwa amai.

"Apa nimwe muzakamba."

Amai anaganiza kwa kanthawi. Denga la nyumba yathu linali litayamba kudontha kalekale, ndipo chaka chilichonse atate ankati tidikire. Amai anati achotse zokwanira malata ndi mmisiri, zotsalazo zikhale momwemo. Kunyumba, anatero, sakufuna kugona ndi ndalama ngati mlonda.

Bankiyo sinagwe. Mphekesera inazirala yokha, anthu n'kuyamba kukamba za mtengo wa ufa. Mmisiri anamaliza denga mvula itatsala pang'ono, ndipo tsiku limene inagwa yoyamba atate anayendera chipinda chilichonse, mutu uli m'mwamba, kufunafuna podontha. Amai anali kukhitchini akusadzula masamba. Anandiuza kuti ndiwasiye atate ayendere, ndisawaseke.