Chitenje cha Mayi Millie

Mayi Millie, amene tinayandikana nawo nyumba kuno kumalaini a antchito a pa esiteti ya tiyi, ali ndi nthenda imodzi: kufunditsa. Mwana akagona pakhonde, amufunditsa. Nkhuku yofungatira, aiphimba ndi thumba. Ine ndemwe, bambo wandevu zanga, anandikulungapo mpango m'khosi pa siteji ya Chitakale anthu akuona. Athyola tiyi moyo wawo wonse, ndiye amadziwa zimene chisanu cha Juni chotsika m'phiri chimachita ndi zala za munthu. M'mawa uliwonse asanalowe m'munda ankagwira manja a amuna awo, a Moffat, n'kuwakulunga m'chitenje mpaka afunde. Ife tinkangowaseka.

Chaka chatha a Moffat anagundidwa ndi lole ali pa njinga mumsewu wa ku Muloza. Anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Madokotala analowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha wa pamkono, pafupi ndi chikhatho, kuti makina aziyeza kuthamanga kwa magazi. Kapaipi kotere nthawi zina kamaundanitsa magazi, njira n'kutsekeka, zala n'kuyamba kufa. N'chifukwa chake anamwino amasiya dzanjalo poyera, kuti aziliona akamadutsa.

Mayi Millie zimenezi sankazidziwa. Atawalola kulowa kwa kanthawi, anagwira dzanja lija, n'kupeza lazizira ngati mwala wa mumtsinje. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kulikulunga bwinobwino, n'kulilowetsa m'bulangete, uku akung'ung'udza kuti ana a masiku ano sadziwa kusamala wodwala.

Pamene namwino wina, Sharon, ankavundukula, zala ziwiri zinali zitada. Kapaipi anakachotsa msangamsanga ndipo dzanja linapulumuka, koma zala ziwirizo anadula.

"Mayi, magazi anaundana chifukwa cha kapaipi, osati nsalu yanu," anatero Sharon.

"Nanga mukanaona msanga?"

Sharon anayankha kuti, "Mwina. Sitingadziwe."

"Mwina" ameneyo Mayi Millie anabwera naye kuno kumalaini. Miyezi inapita osafunditsa aliyense, ngakhale nkhuku yomwe. Kunena zoona, zinkandiwawa kuwaona akudutsa mwana wogona pamphepo, manja ali kumbuyo.

Juni wa chaka chino, tsiku limene a Moffat ankabwerera ku ntchito, ine ndinali pampopi. Ndinawaona akutuluka dengu lili kumsana. Anaima pakhomo n'kutambasula dzanja lija.

"Amake Gift, mwaiwala ntchito yanu," anatero a Moffat kwa akazi awo.

"Ntchito imeneyo ndinakupwetekani nayo kale," anayankha Mayi Millie, maso ali pansi.

"Nanga zitatu zatsalazi zalakwanji? Zikuzizidwatu izi."

Mayi Millie analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako anamasula chitenje n'kulikulunga pang'onopang'ono monga kale. Koma nsonga za zala zitatuzo anazisiya panja, poti aziziona.